Madzi a mvula apite kuti? Mafunso ndi mayankho pa ngalande za Agiriki ndi mayina ake

Mukatsegula dikishonale ya Chingerezi ndi Chigiriki n'kuyang'ana liwu lakuti gutter, mupeza mndandanda wa mawu: ydrorroi, louki, reithro, penanso chantaki ndi ochetos. Wophunzira waphuma amangotola loyambalo n'kumapita, mapeto ake amakaika ngalande ya padenga m'mphepete mwa msewu. Mafunso ali m'munsiwa ayambira pa mawuwo koma sathera pomwepo, chifukwa ku Greece dzina limene njira ya madzi yapatsidwa lakhala likufikitsa anthu kubwalo la milandu kuyambira makedzana. Mawu onse Achigiriki talemba m'zilembo zathu zino kuti aliyense athe kuwatchula.

Kodi gutter ndi chiyani kwenikweni m'Chingerezi?

Liwuli linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo muzu wake ndi gutta, liwu la Chilatini lotanthauza dontho. Tanthauzo lake limodzi ndi la padenga: kangalande kamene kamalandira madzi otsetsereka pa malata kapena matailosi n'kuwapereka ku paipi yotsikira pansi. Mumsewu namonso ndi dzina la malo otsika aja amene amakhala pakati pa phula ndi modutsa anthu oyenda pansi, momwe madzi a mvula amathamangamo atanyamula mapepala ndi makoko a zipatso.

Kenako linayamba kuyendayenda. Pa masewera a bowling, mpira ukaphonya njira umagwera m'kangalande ka m'mbali, nakonso ndi gutter. Osindikiza mabuku amatchula choncho mpata wopanda zilembo umene umakhala pakati pa masamba awiri, pomwe buku lasokedwera. Kandulo ikamasungunuka mbali imodzi, phula lake n'kumayenderera ndipo moto n'kumaphethira, Angerezi amagwiritsa ntchito liwu lomweli ngati mneni. Ndiye pali tanthauzo lonyoza, la umphawi wadzaoneni ndi khalidwe lotayika, poti mungalande ya mumsewu ndi momwe chidakwa chimagwera.

Ndiye Chigiriki chilibe liwu limodzi lonyamula zonsezi?

Chilibe. Mgiriki amayamba wafunsa kuti madziwo ali pati.

Akakhala padenga, liwu la m'mabuku ndi la akatswiri a zomangamanga ndi ydrorroi, lopangidwa ndi mawu awiri, ydor, madzi, ndi roi, kuyenda kwa zamadzimadzi. Koma mmisiri amene mwamuitana kuti adzakonze denga lodontha mudzamumva akunena louki. Limeneli ndi liwu lobwereka ku Chituruki, oluk, limodzi la mawu ambirimbiri amene anatsalira m'khitchini, m'misika ndi m'ntchito zamanja pa zaka pafupifupi 400 zimene mbali yaikulu ya Greece inali pansi pa ufumu wa Ottoman. Womasulira nkhani yamakambirano a anthu wamba akalemba ydrorroi pomwe panafunika louki, mmisiri uja amamveka ngati akuwerenga chikalata cha boma.

Akakhala mumsewu, dzina lake ndi reithro, lochokera ku mneni wakale rheo, kuyenda kwa madzi. Muzu umenewu mumaudziwa kale ngati munamvapo dokotala akutchula diarrhoea. Mainjiniya a misewu amaphatikiza ngalandeyo ndi mwala wa m'mphepete mwake n'kunena kraspedoreithro. Ophunzira Baibulo angalizindikire gawo loyambalo: kraspedon ndi mphonje ya chovala, ija imene mayi wodwala nthenda yotaya magazi anakhudza pa chovala cha Yesu. Kwa Mgiriki msewu nawo uli ndi mphonje yake.

Nanga chantaki, tafros, ochetos ndi yponomos zikusiyana bwanji?

Awa ndi mawu amene amabwera pamene Mngerezi wanena ditch, drain kapena sewer, ngakhale madikishonale ena amawaunjika pansi pa gutter. Chantaki ndi ngalande yokumbidwa m'dothi, yosawaka, ngati imene galimoto imagweramo ikaphonya msewu wa kumudzi. Tafros ndi yaikulu, yokumbidwa ndi cholinga: yozungulira linga kapena youmitsira dambo. Avlaki ndi kamzere ka m'munda kothirira mbewu. Ochetos ndi njira yomangidwa yonyamula madzi, monga kalavati yodutsa pansi pa msewu. Yponomos ndi ya pansi pa nthaka yonyamula zonyansa za m'tauni, ndipo kale liwuli linkatanthauzanso una umene asilikali ankakumba pansi pa khoma la adani.

Pa onsewa, chantaki ndi limene lili ndi mbiri yokoma kuifotokoza. Linachokera ku Chiarabu, khandaq, liwu lomwe lija Asilamu amalidziwa chifukwa cha nkhondo ya ku Medina ya m'chaka cha 627, pamene mzindawo unatetezedwa ndi ngalande. M'zaka za m'ma 820 Aarabu ochokera ku Andalusia analanda chilumba cha Crete, namanga likulu lawo pagombe lakumpoto, nalizunguliza ndi ngalande yakuya. Mzindawo unatenga dzina la ngalandeyo. Agiriki ankautchula Chandax, ndipo dzinalo silinachoke ngakhale pamene mkulu wa asilikali Nikephoros Phokas anaulanda kwa Aarabuwo m'chaka cha 961. Anthu a ku Venice atabwera analipotoza kukhala Candia, mpaka chilumba chonse cha Crete chinadziwika ku Ulaya ndi dzina limeneli kwa zaka mazana angapo. Lero mzindawo ndi Heraklion. Liwu lachiarabu lomweli linatsikiranso kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene Aswahili amati handaki.

Matanthauzo onyoza aja amamasuliridwa bwanji?

Apa ndi pamene kumasulira liwu ndi liwu kumachititsa manyazi. Nyuzipepala zamiseche zimene Angerezi amati gutter press, Agiriki amazitchula kitrinos typos, nyuzipepala zachikasu, dzina limene linayambira ku New York m'zaka za m'ma 1890. Munthu wotayika m'makhalidwe sagwera mu reithro, amamira mu vourkos, matope onunkha a m'chithaphwi. Wotukwana mosapumira amati m'kamwa mwake mukutuluka ochetos.

Louki nalo lili ndi miyambi yake imene Chingerezi sichiidziwa. Mnyamata amene ankakana ntchito yolembedwa komanso banja, kenako n'kugonja n'kuyamba kukhala ngati wina aliyense, amati walowa mu louki: madzi alowa m'paipi, sangakhotenso.

Kodi m'Baibulo muli gutter? Nanga Chigiriki chake chimati chiyani?

Baibulo la Chingerezi la King James la m'chaka cha 1611 lili nalo liwuli m'nkhani ziwiri, ndipo zonse ziwiri zikusonyeza kuti vutoli si la lero. Yoyamba ili mu Genesis 30, pamene Yakobo akuika nthyole zosendedwa pomwe ziweto za Labani zinkamwera. Ayuda a ku Alexandria amene anayamba kumasulira malemba Achiheberi m'Chigiriki m'zaka za m'ma 200 BC, ntchito imene timaitcha Septuagint, anaika liwu lakuti lenos, chomwera ziweto, limenenso limatanthauza moponderamo mphesa. Palibe denga, palibe msewu.

Yachiwiri ili pa 2 Samueli 5:8, pamene Davide akulanda Yerusalemu kwa Ayebusi. Chiheberi chili ndi liwu losowa, tsinnor, lopezeka kawiri kokha m'Baibulo lonse. Omasulira a King James analimva ngati ngalande, ndipo mabaibulo ambiri amakono amati ndi una wa madzi umene asilikali anakwerera kulowa mumzinda. Charles Warren atapeza una woterewu pafupi ndi kasupe wa Gihoni m'chaka cha 1867, anthu ambiri anati nkhani yatha, ngakhale akatswiri ofukula zakale anadzayamba kukayikira pambuyo pake. Koma Septuagint pa vesi lomweli ilibe madzi n'komwe. Ili ndi paraxiphis, mpeni waung'ono wankhondo. Amene amaganiza kuti Chigiriki ndiye chimathetsa mkangano uliwonse wa m'malemba aone apa: liwu limodzi lachiheberi, Mngerezi akuona ngalande, Mgiriki akuona mpeni.

Agiriki akale anali nazodi ngalande zomangidwa bwino, kapena ndi kukometsera chabe?

Anali nazo, ndipo zina zikugwirabe ntchito. Pamtunda wa makilomita 5 okha kuchokera ku Heraklion kuli Knossos, nyumba yachifumu imene Arthur Evans anayamba kufukula m'chaka cha 1900. Inamangidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Pansi pake pali ngalande zowakidwa ndi miyala, zina zazikulu moti munthu angathe kukwawamo, zolandira madzi a padenga ndi a m'mabwalo. Pali mapaipi a dongo lowotcha, lililonse lotambalala mbali imodzi ndi lopanikizika mbali inayo kuti lilowe mwa linzake. Chimene chimakopa akatswiri kwambiri ndi kangalande kakang'ono kotsika m'mbali mwa masitepe a kum'mawa kwa nyumbayo. Omanga sanakasiye kongotsetsereka. Pa sitepe iliyonse anakapinda kuti madzi azigwa pang'onopang'ono, apo ayi akanafika pakona ali ndi liwiro n'kukhavukira panjira. M'njira anaikamo timaenje tomwe mchenga unkadikhamo. Anthu amenewa sankalankhula Chigiriki chimene tikukamba pano, ndipo zolemba zawo za Linear A sizinawerengekebe mpaka lero.

Ku Athens, pabwalo la msika lotchedwa Agora, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 BC anamanga ngalande yamiyala, mita imodzi mulifupi ndi mita imodzi kuya, yovindikiridwa ndi miyala yaphanthiphanthi. Inkatenga madzi otsika m'mapiri ozungulira n'kukawathira mumtsinje wa Eridanos. Akatswiri a ku America amene akhala akufukula malowa kuyambira 1931 anaiyeretsa, ndipo mvula ikagwa madzi amayendamo monga kale.

Pamwamba pa akachisi, ngalande ya padenga inali mbali ya zokongoletsa. Ankaitcha sima, ndipo madzi ankatulukira m'kamwa mwa mitu ya mikango yosemedwa pa mwala, monga pa kachisi wa Zeus ku Olympia. Liwu lija ydrorroi linalipo kale nthawi imeneyo, koma silinali la padenga pokha. M'sewero la Aristophanes lotchedwa Mavu, la m'chaka cha 422 BC, mkulu wina wokonda kuweruza milandu mopitirira muyezo watsekeredwa m'nyumba ndi mwana wake, ndipo kapolo akudandaula kuti mkuluyo amazemba kudzera m'ngalande zotulutsira madzi.

Ntchito yaikulu kwambiri ya ngalande ku Greece wakale inali iti?

Kuumitsa nyanja ya Kopais m'chigawo cha Boeotia, kumpoto chakumadzulo kwa Athens. Kopais chinali chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, chopanda mtsinje wotulukira kunyanja yamchere. Mitsinje ya Kephissos ndi Melas inkathira m'menemo, ndipo madzi ankangotuluka kudzera m'mauna achilengedwe a m'miyala ya laimu, amene Agiriki amati katavothres. M'nyengo yamvula maunawo ankalephera, chigwa n'kusanduka nyanja. M'chilimwe chinkatsala dambo la bango ndi udzudzu.

Cha m'ma 1300 BC, anthu a m'maufumu a nthawi ya Mycenae anachita chinthu chimene chimadabwitsabe mainjiniya. Sanalimbane ndi nyanjayo pakati. Anagwira mitsinje ija pomwe imalowera m'chigwa, naikusira m'mphepete mwa mapiri akumpoto ndi khoma la dothi lolimbitsidwa ndi miyala ikuluikulu, ulendo wa makilomita pafupifupi 25, mpaka kukaipereka pakamwa penipeni pa mauna aakulu a kumpoto chakum'mawa. Pakati pa chigwa panauma, pakhala minda. Pa kachilumba ka mwala kotchedwa Gla anamanga linga la khoma lotalika makilomita pafupifupi 3, lokhala ndi nkhokwe za tirigu. Cha m'ma 1200 BC maufumu amenewa atagwa, panalibenso woyang'anira makoma ndi kuchotsa zinyalala m'mauna, ndipo nyanja inabwerera. Agiriki a m'mibadwo yotsatira, posamvetsa chimene chinachitika, ankati Heracles, ngwazi ya m'nthano zawo, ndiye anatseka mtsinje pofuna kukhaulitsa mzinda wa Orchomenos. Iwo ankaidziwa Kopais chifukwa cha mikunga yake yonona, imene anthu a ku Athens ankailakalaka nkhondo ikatseka malonda. M'nthawi ya mfumu Alexander Wamkulu, katswiri wa migodi dzina lake Crates wa ku Chalcis anayesa kutsegulanso njira za madzi koma sanamalize.

Zinatenga zaka zoposa 3,000 kuti chigwachi chiumenso. Kampani ya ku France inakumba ngalande ndi mauna m'zaka za m'ma 1880, madzi n'kuchokadi. Koma nthaka ya pansi pa nyanja inali ya zomera zowolerana. Itauma inagwira moto, n'kunyeka, n'kutitimira, moti ngalande zija zinatsala pamwamba ndipo madzi anadzazanso. M'chaka cha 1887 kampani ya ku Britain ya Lake Copais Company inatenga ntchitoyo, n'kudzaimaliza mu 1931. Malo a mahekitala oposa 20,000 anakhala m'manja mwa kampaniyo, alimi Achigiriki akulima ngati obwereka, mpaka boma linawatenga m'chaka cha 1953 n'kuwagawira anthu. Madzi ake tsopano amapita ku nyanja ya Yliki, imodzi mwa nyanja zimene mzinda wa Athens umamwa.

Kodi nyanja youmitsidwa ingabwererenso masiku ano?

Inabwerera posachedwapa. Nyanja ya Karla m'chigwa cha Thessaly inaumitsidwa m'chaka cha 1962 pokumba una wa makilomita pafupifupi 10 wotayira madzi ku gombe la Pagasetic. Zotsatira zake sizinakome: asodzi anasowa chochita, madzi a pansi pa nthaka anatsika, minda ina inachita mchere, mpaka boma linabwezeretsa kagawo ka nyanjayo. Ndiye mu September 2023 kunabwera namondwe wotchedwa Daniel. Mudzi wa Zagora unalandira mvula yoposa mamilimita 750 tsiku limodzi, anthu 17 anafa m'dziko lonselo, ndipo Karla inatenganso pafupifupi malo ake onse akale, minda ya thonje ndi misewu zili pansi. Madzi atayamba kuphwa chaka chotsatira, nsomba za m'madzi opanda mchere zimene zinaswana m'menemo zinakokoledwa kupita kunyanja yamchere, komwe sizikanakhala ndi moyo. Mu August 2024 doko la Volos linayera ndi nsomba zakufa, matani oposa 100, ndipo malo odyera a m'mbali mwa nyanja anakhala opanda makasitomala pakati pa nyengo ya alendo.

N'chifukwa chiyani alendo ku Greece amauzidwa kuti asataye pepala m'chimbudzi?

Chifukwa mapaipi a m'nyumba zambiri zakale ndi aang'ono ndiponso okhotakhota, sachedwa kutsekeka. N'chifukwa chake pambali pa chimbudzi pamakhala kabini kovindikira. Vuto lili m'nyumba, osati kumapeto kwa ulendo wa zonyansazo: kuyambira 1994 za mumzinda wa Athens zimapita kukasefedwa pa kachilumba ka Psyttaleia, koma kale zinkangothiridwa zosasefa m'nyanja ya Saronic. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi EYDAP, lokhazikitsidwa mu 1980, ndipo chilembo A m'dzinalo chikuimira apochetefsi, ntchito yonse yochotsa madzi oipa, m'bale wake wa ochetos.

Kalelo ndani ankaonetsetsa kuti munthu asathire madzi ake pa anzake?

Buku lofotokoza boma la Athens limene limatchulidwa kuti ndi la Aristotle, la m'zaka za m'ma 320 BC, likunena za akuluakulu khumi otchedwa astynomoi, asanu a mumzinda ndi asanu a kudoko la Piraeus, osankhidwa mwa maere. Ntchito zawo zinali zosasiririka. Ankaonetsetsa kuti otola ndowe ndi zonyansa asatayire pafupi ndi khoma la mzinda kuposa mastadiya 10, omwe ndi makilomita osakwana 2. Ankaletsa kumanga nyumba zolowa mumsewu, komanso kuika mapaipi a m'mwamba olavulira madzi pa anthu odutsa. Liwu la paipi pamenepo ndi ochetos lomwe lija. Dzina la akuluakuluwa silinafe: apolisi ku Greece lero ndi astynomia.

Plato naye, m'buku lake la Malamulo, anapatula malo okambirana za madzi a mvula. Wa kumtunda asawatayire mwachisawawa pa wa kumunsi, wa kumunsi asawatsekere njira, ndipo akalephera kumvana aitane wa boma. Munthu woganiza zakuya ngati iyeyu sakanalemba zimenezi kukanakhala kuti mikangano yotere inali yosowa.

Pali mlandu weniweni umene tikuudziwa?

Ulipo, ndipo aliyense amene anakanganapo ndi mnansi chifukwa cha mpanda wa njerwa umene wabweza madzi adzaumva msanga. Uli m'gulu la zolankhula za katswiri wa mawu Demosthenes, nambala 55, yotsutsa Callicles. Wozengedwa mlandu ndi mlimi, mwana wa Teisias, ndipo mawuwo analembedwa kuti akawalankhule yekha pamaso pa oweruza.

Minda ya mabanja awiriwa inali m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pakati pawo pakudutsa msewu. Kalekale Teisias anamanga khoma la miyala kuzungulira munda wake. Tsiku lina kunagwa chimvula, madzi anatsika ndi msewu n'kulowa kwa Callicles. Iye anakasuma kuti khoma lija linatseka charadra, kutanthauza khwawa, njira yachilengedwe ya madzi, n'chifukwa chake madziwo anakhotera kwake. Mlandu wonse unagona pa dzinalo. Ngati malo amene anatchingidwawo anali khwawa, mwana wa Teisias ndi wolakwa ndipo alipire madrakima 1,000, pa nthawi imene mmisiri ankalandira drakima imodzi kapena ziwiri patsiku. Ngati unali munda wamba, palibe mlandu.

Tamvani mmene mlimiyu akudzitetezera. Akuti pamalopo pali mitengo yodzalidwa, mipesa ndi mikuyu, ndipo ndani angadzale mitengo m'khwawa? Palinso manda akale, a anthu amene anaikidwa banja lake lisanagule malowo, ndipo ndani angaike makolo ake m'njira ya madzi? Bambo ake anakhala ndi moyo zaka zoposa 15 khomalo litamangidwa, bambo a Callicles ali moyo, ndipo palibe anadandaulapo. Akuwonjeza kuti Callicles mwiniwake anakankhira khoma lake mumsewu n'kutayiramo zinyalala, msewu n'kuchepa ndiponso kukwera. Kenako akufunsa funso limene lili pamtima pa nkhani zonse za ngalande: akawalandira madziwo m'munda mwake, awapititse kuti? Akawabwezera mumsewu, Callicles amusumira. Akawatsitsira kwa mnansi wa kumunsi, ameneyonso amusumira. Ndiye atani, awamwe onse?

Gawo lokoma kwambiri ndi la amayi. Mayi a wozengedwayo ndi mayi a Callicles anali pa chinzake kuyambira kale. Madzi atawononga, mayi a mlimiyu anapita kukapepesa, mnzawoyo akulira n'kumawaonetsa zowonongeka. Zimene anaona n'zimene mwana wawo akuuza bwalo: barele wosakwana miyezo itatu ya medimnos, pafupifupi matumba awiri a makilogalamu 50, ananyowa koma anamuyanika n'kuuma. Ufa wa tirigu unali theka la muyezo. Mtsuko wa mafuta unapendekeka koma sunawonongeke. Zonse pamodzi, iye akuti, sizingakwane madrakima 50. Akuti cholinga chenicheni cha Callicles ndi kumulanda munda, ndipo akupempha kuti amayi awiriwo alumbire. Tisaiwale kuti tikumva mbali imodzi yokha, yokonzedwa ndi katswiri wa mawu, ndipo chigamulo cha oweruza sichinasungidwe. Ine ndimamukayikira pang'ono mlimiyu pa nkhani ya mitengo: mikuyu imakonda m'makwawa momwemo.

Mkangano wa dzinawu ulipobe ku Greece wa lero?

Ulipo, ndipo tsopano umapha anthu. Liwu la masiku ano la khwawa ndi rema, lochokera ku muzu umodzi ndi reithro. Chigwa cha Athens chinali ndi makwawa mazanamazana otsika m'mapiri a Hymettus, Penteli ndi Parnitha, ouma miyezi yambiri pachaka. Kuumako ndiye kumanyenga. Munthu akaona khwawa lopanda dontho kuyambira May mpaka October amayamba kuliona ngati puloti.

Kusandutsa mtsinje kukhala ngalande kunayamba kale. Eridanos, uja ankalandira madzi a ku Agora, anamuvindikira ndi denga la njerwa m'nthawi ya mfumu Hadrian ya ku Roma, n'kukhala yponomos. Anthu anamuiwala mpaka okumba njanji ya pansi pa nthaka anamupeza, ndipo lero mutha kumuona akuyenda pa siteshoni ya Monastiraki. Koma kuvindikira kwakukulu kunachitika m'zaka za m'ma 1900. Athens anali tauni ya anthu masauzande ochepa pamene inakhala likulu mu 1834. Pambuyo pa 1922 othawa kwawo oposa miliyoni imodzi analowa m'dzikolo kuchokera ku Asia Minor, ambiri n'kukhazikika m'mphepete mwa mzindawu, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anthu a kumidzi anakhamukiranso komweko. Lero muli anthu oposa mamiliyoni atatu. Mtsinje wa Ilissos, umene Plato anaika Socrates akucheza m'mbali mwake, unayamba kuvindikiridwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo tsopano uli pansi pa misewu ikuluikulu. Mbali yakumunsi ya Kifissos, mtsinje waukulu wa mzindawo, ili pansi pa msewu wa magalimoto othamanga. Makwawa ang'onoang'ono ankangowakwirira ndi zibuma ndi zinyalala za pa zomangamanga, khalidwe limene lili ndi dzina lakelake, bazoma.

Pa 15 November 2017 m'mamawa, chimvula chinagwa pa phiri la Pateras, kumtunda kwa tauni ya Mandra, kumadzulo kwa Athens. Makwawa awiri amakumana pamenepo, Soures ndi Agia Aikaterini. Lachiwirili linali litalowetsedwa m'kalavati yodutsa pansi pa tauni, yochepa kwambiri poyerekeza ndi madzi a phiri lonse, ndipo pa njira ya Soures panali patamangidwa nyumba ndi malo a ntchito. Akuluakulu athu amati madzi saiwala khwawa. Matope anatsika ndi misewu ya tauniyo, kukokolola magalimoto ndi kudzaza zipinda zapansi momwe okalamba ena anali asanadzuke. Anthu oposa 20 anafa. Mapulani okonza makwawa awiriwa analipo kale zaka zingapo ngoziyo isanachitike, koma anali akuzungulira m'maofesi kudikira zilolezo.

Lamulo la dzikolo limateteza rema ngati chinthu chachilengedwe: suloledwa kumangapo kapena kulikwirira. Koma kuti chitetezocho chigwire ntchito pamalo enieni, boma liyenera kuyamba lajambula malire a khwawalo pa mapu, ntchito yotchedwa oriothetisi, imene ndondomeko yake ili m'lamulo nambala 4258 la chaka cha 2014. Makwawa ambiri sanajambulidwebe. Ndipo pamene boma lifuna kuwaka khwawa ndi simenti kuti madzi azithamanga, magulu a anthu okhala m'deralo amakasuma ku khoti lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma, ponena kuti rema likusandutsidwa ochetos. Mikangano yotere yachitika pa khwawa la Pikrodafni kumwera kwa Athens ndi pa khwawa lalikulu la ku Rafina kum'mawa kwake, kumene mainjiniya akuti popanda kukulitsa ndi kuwaka njirayo tauni idzamira, pomwe okhala m'mbali mwake akuti simentiyo idzangofulumizitsa madzi kupita kwa a kumunsi.